Malashi a Injiniya Wadson

Pulani inabadwa Lachiwiri masana, kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Balaka, pansi pa mtengo wa nimu pamene mayi wina amagulitsa chibuku. Mwini pulaniyo anali Wadson, amene anzake amamutchula kuti Injiniya chifukwa chaka china anagwirako ganyu yothira miyala panjanji kwa masabata atatu. Chichokereni kumeneko sanena kanthu osakajambula pansi ndi kamtengo.

"Uwu ndi msewu wa kumsika," anatero akukanda dothi. "Apa telala. Apa wokonza mafoni. Pakati apa, amangwetu, ndiye pali tsogolo lathu."

Omvera anali awiri. Woyamba anali Innocent, wakabaza ya njinga yamoto, wodziwika ndi dzina loti Mphepo, munthu amene njinga yake imafika pamalo mutu wake ukadali m'njira. Wachiwiri anali Zubairu, amene mowa samwa koma pamowa sasowa. M'manja anali ndi fanta, m'thumba kafoni kong'aluka galasi, ndipo onse amamutchula Memole chifukwa cha memole khadi imene amaisamala ngati mwana wakhanda.

Pakati pa telala ndi wokonza mafoni panali kachipinda ka Fadila.

Fadila anabwerako ku koleji ndi pepala labwino limene mpaka lero lili mu envelopu. Atatopa kulemba makalata ofunsira ntchito, anayamba kuphunzitsa amayi kudziphoda pa Facebook ndi pa TikTok. Zinthu amaziyesa pankhope yake yomwe n'kunena zoona: burashi iyi imathothoka ubweya ngati galu wa mphere, lipisitiki uyu amatsala pa kapu yoyamba ya tiyi, paudala uyu yekha ndiye amapirira dzuwa la ku Balaka. Amayi a kuno, a ku Liwonde, mpaka a ku Ntaja amamukhulupirira kuposa wailesi. Chuma chake chonse chinali zinthu ziwiri: foni yojambulira, ndi bokosi lachitsulo la zodzoladzola limene analidzaza kwa zaka ziwiri, kabotolo kamodzikamodzi. Loweruka la sabata imeneyo anali ndi ntchito yake yoyamba yaikulu, ukwati wa ku Liwonde, mkwatibwi ndi operekeza asanu ndi atatu. Bokosi likanasowa, ukwatiwo ukanapita kwa wina. Foni ikanasowa, Fadila akanabwerera ku envelopu yake ija.

Zinthu ziwiri zomwezo ndi zimene Wadson anazijambula pa dothi.

"Foni yokhayo ndi njinga yachiwiri," anatero. "Bokosi tili ndi munthu wake ku Limbe. Memole, perekani lipoti."

Zubairu anali ndi mavidiyo a Fadila makumi anayi ndi atatu. Bandulo sanagulepo chibadwire. Amapita kumene amabena nyimbo, n'kuwauza amuikire pa khadi, ndipo amawaonera mobwerezabwereza. Iye amati ndi risechi. Anzake anasiya kumufunsa chifukwa chimene risechiyo inayambira chaka chathunthu pulani isanabadwe.

"Lachisanu adhana yoitanira anthu ku mapemphero ikamveka, telala ndi wamafoni onse amatseka kupita ku mzikiti," anatero Zubairu. "Msewu umakhala zii kwa ola. Iye amatsala yekha."

"Iwe supita?" anafunsa Innocent.

"Ndikukonzekera kuyambiranso."

"Vuto ndi chitseko," anapitiriza Wadson. "Chachitsulo, chokhoma nthawi zonse. Amatsegulira amayi okha, chiyambire tsiku limene mkulu wina analowa kudzafunsa njira n'kutuluka ndi wigi."

"Ndiye tilowa bwanji?"

Wadson anamwa, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, nadikira kuti mawu ake apeze malo okhala.

"Tilowa ngati amayi."

Sitima ya katundu inalira kutali.

"Ine ndevu zanga sindimeta," anatero Innocent.

"Iwe ukhala panja ndi njinga. Nkhope yakoyo ngakhale Fadila mwini wake sangaikonze."

"Bigi, nkhope ndi masitepe basi," anatero Zubairu, maso atawala. "Kupaka faundeshoni, kulemba nsidze, kuika mthunzi m'mbali, kenako paudala. Mphuno yanuyo ndikhoza kuichepetsa ndi theka."

"Mphuno yanga yatani?"

"Palibe, bigi. Kungoti ikhoza kukhala umboni."

Anagundanitsa mapaketi awiri ndi botolo limodzi. Wadson anafufuta pulaniyo ndi phazi, monga amachitira akatswiri, ndipo nkhuku imene inkadutsa inamaliza zotsala.

Lachisanu m'mawa anakumana m'chipinda chimene Zubairu amachita lendi. Faundeshoni anagula botolo limodzi la nkhope ziwiri, ngakhale Wadson ndi wakuda bii ndipo Zubairu ndi woderapo. Wogulitsa atafunsa kuti akufuna nambala yanji, Wadson anayankha kuti yamphamvu. Siponji anang'amba pakona ya matiresi. Nsidze analemba ndi wanja, utoto wakuda uja wa m'maso. Paudala sanagule, chifukwa Wadson ataona mtengo wake anagamula kuti ntchito iliyonse ili ndi sitepe imodzi yongokometsera.

"Fadila amati paudala ndiye amagwira zonse," anadandaula Zubairu.

"Iye ndi wogulitsa, aise. Anganene kuti usagule?"

Zovala zinali zobwereka mosapempha. Zubairu anavala diresi ya mlongo wake Zuhura ndi mpango waukulu. Wadson anavala bulauzi, duku, ndi chitenje cha kwaya ya amayi a ku tchalitchi, chimene anachisolola m'sutukesi ya mkazi wake Clementina. M'chikwama cha m'manja anaika thumba lopanda kanthu ndi sipanala yaikulu yoopsezera. Kenako anadziyang'ana pa kachidutswa ka galasi.

"Ndikufanana ndi azakhali anga a ku Phalula," anatero, ndipo m'mawu mwake munali kunyadira.

Koma unali mwezi wa Okutobala. Atakwera njinga ya Innocent, asanafike n'komwe pa sitolo yachitatu, azakhali a ku Phalula anayamba kusungunuka. Thukuta linatsegula tinjira kuchokera pa duku mpaka pachibwano, nsidze za Zubairu zinayamba ulendo wopita kumakutu.

"Ponda, Mphepo, nkhope zikutha," anatero Wadson.

Innocent anaponda. Anafika adhana kukadali mphindi makumi atatu. Telala anali akupalasa makina ake pakhonde, wamafoni akuwotcherera kanthu chitseko chili pululu.

"Palibe vuto," anatero Wadson akutsika mosamala ngati mayi wa ulemu wake. "Panja pano sitingaime, dzuwa litimaliza. Tilowa ngati makasitomala, ticheza mpaka adhana. Iwe dikira patsidyapo."

Patsidya pa msewu panali ambulera ya Khadija wotumiza ndalama pafoni. Innocent anaimika njinga pamthunzi pake.

Pali chinthu chimodzi chimene risechi ya Zubairu sinakanatha kuchiona, chifukwa sichikwera pa memole khadi. Lachisanu lililonse, nthawi imene a m'maofesi a boma akuyamba kulongedza kuti aweruke, Fadila amapita layivu. Ndiye kuti chimene foni yake ikuona ndi kumva, anthu amachiona ndi kuchimva nthawi yomweyo, aliyense ali kumene ali. Tsiku limenelo ankayesa malashi, titsitsi toikirira m'zikope tija, pamodzi ndi guluu watsopano, ndipo anali atalengeza kuti amayi awiri oyamba kufika awaphoda ulere. Foni inali pakati pa nyale yake yozungulira ngati chiwongolero, itayang'ana mipando iwiri yopanda anthu.

"Odi," kanamveka kamawu kopyapyala, ngati munthu wopanidwa ndi chitseko.

Fadila anasuzumira. Dzuwa linali kumbuyo kwa alendowo, anangoona duku, mpango ndi chitenje cha kwaya. Anatsegula, alendo analowa, iye anakhomanso, kiyi n'kumusiya pachitseko.

Nyale itawawalira m'pamene anawaona bwino. Ndevu zinkasuzumira pansi pa faundeshoni ngati udzu wophukira pa simenti. Mapazi anasefukira m'masilipasi. Wa dukuyo ataika chikwama pansi, chinalira ngati bokosi la makaniko, ndipo mutu wa sipanala unatuluka kudzaona malo.

Kachipindako ndi kopapatiza. Alendo anakhala pamipando, chigongono cha wa duku chili pafupi ndi bokosi la zodzoladzola. Fadila akanatha kunena kuti akukatunga madzi, n'kutuluka osabwerera. Anayang'ana chitseko, anayang'ana bokosi, anayang'ana foni. Kenako anatembenukira ku nyale akumwetulira.

"Takulandirani nonse amene mwangolowa kumene."

Wadson anacheukira kuchitseko.

"Amayankhula choncho m'mavidiyo onse," ananong'ona Zubairu. "Ndi sitayilo."

"Ikujambula?"

"Eya."

"Ijambule. Foniyo ikupita nafe, ndiye zonse zili m'menemo zipita nafe."

Foni ya Fadila imamva bwino. Anthu mazana awiri ndi khumi ndi anayi anamva nawo.

"Maina athu, amayi?" anafunsa Fadila.

"Anastazia," anatero Wadson ndi kamawu kaja.

"Zuhura," anatero Zubairu, akuyang'ana mashelefu, mawigi ndi maburashi ngati munthu amene wafika ku malo amene ankangowamva m'nkhani.

"Mayi Anastazia, musakhumudwe, koma ine ndimanena zoona. Anakuphodani ndani?"

Zubairu anakweza dzanja. "Ndine, madamu. Ndimakutsatirani kwambiri."

"Zikomo. Dzanja lilipo. Pamphuno apa munayesetsa, ngakhale ntchito inali yaikulu. Koma nambala ya faundeshoni si yawo, taonani, khosi ndi la munthu wina, nkhope ya munthu wina. Ndipo paudala simunaike."

"Ndinanena ine," anatero Zubairu ndi mawu ake enieni, a bambo wa zaka makumi atatu. Wadson anamuponda phazi.

"Chimfine," anafotokoza Wadson.

"Chavuta chaka chino," anavomera Fadila. "Tiyambe tapukuta. Pa zinthu zakale sitiikapo zatsopano."

Injiniya weniweni akanakana pamenepa. Koma nkhope ya Wadson inali ikuyabwa chiyambire m'mawa, ndipo thonje lonyowa litangokhudza chipumi chake, anapuma mozama n'kutsamira pampando. Fadila anapukuta modekha, mbali imodzi kenako inayo, akutembenuzira chibwano cha kasitomala ku nyale kuti oonera aone bwino. Anachitanso chimodzimodzi ndi Zubairu. Diso lake limodzi linali pa foni, pamene mauthenga ankakwera ngati nyerere zofukulidwa.

"Ameneyo si Injiniya wa ku siteshoni?"

"Mphuno imeneyo ndi ya Wadson, ndinaphunzira naye pulayimale."

"Winayo ndi Zubairu, diresi ndi ya Zuhura weniweni."

"Achemwali thawani, amenewo ndi akuba."

"Thonje limenelo mumagula kuti?"

Kenako unabwera wa munthu wolembedwa kuti Clementina: "Chitenje icho n'changa, pakona n'chopsa ndi nsimbi. Asachoke."

Ndipo pansi pake wina: "Ndine wapolisi. Achedwetseni mphindi khumi ndi zisanu. Musalimbane nawo."

Oonera anali atakwana chikwi.

Patsidya, pansi pa ambulera, amayi asanu anaunjikana pa foni ya Khadija. Wamandazi anasiya beseni lake, wansomba anasiya ntchentche zidzilamulira zokha. Innocent anapirira mphindi ziwiri. Pa yachitatu anasendera, nasuzumira pamwamba pa mapewa awo, ndipo nkhope yake inatseguka ndi chimwemwe.

"Aa, ndi a Injiniya awo. Ali pafoni. Winayo ndi Memole."

Amayiwo anayang'anana.

"Mukuwadziwa, achimwene?" anafunsa Khadija.

"Kuwadziwa? Ndabwera nawo ndine. Diresi imeneyo zipi wake ndatseka ndine."

"Ndiye mukuwadikira?"

"Eya, akangotuluka ndi katu..." Mutu wake unafika pamene pakamwa panali patafika kale. "Ndi nkhope. Akangotuluka ndi nkhope."

"Dzuwa likuwawa," anatero Khadija akukoka benchi, namuuza m'Chiyao kuti akhale. "Atame pasi, achimwene, muonere bwino."

Innocent anakhala. Wansomba, mayi wa thupi lodalitsika, anakhala kumanja kwake. Wamandazi anakhala kumanzere. Wachitatu anapita panjinga, nazula kiyi, namuponya mu bulauzi.

M'kachipinda muja Wadson anaona nkhope yake pagalasi, yoyera bwino, ya Wadson yekhayekha, itavala duku. Nzeru zinamubwerera pang'ono, koma zinalowera khomo lolakwika.

"Memole," ananong'ona, "tituluka bwanji chonchi? Msewu wonse utidziwa."

"Atiphodenso kaye, bigi. Kenako ntchito."

Wadson anakonza kamawu kake. "Chemwali, tapangani changu. Tili ndi maliro."

"Pepani. Ndiyamba ndi malashi, chifukwa ndiwo amatenga nthawi."

"Ife tingofuna paudala."

"Mayi amene walowa muno satuluka wopanda malashi. Mukatuluka opanda, anthu panjapo adabwa, ayamba kukuyang'anitsitsani."

Mfundo imeneyi inamugwira Wadson. Anayang'ana Zubairu, Zubairu anagwedeza mutu ngati dokotala wovomereza mankhwala.

"Tsinzinani," anatero Fadila.

Anasankha malashi aatali kuposa onse, amene ngakhale akwatibwi amawaopa. Anamata Wadson, anamata Zubairu, akufotokozera oonera mmene amagwirira kachitsulo kopanira ndi mmene amayambira pakati pa chikope kupita m'mbali, pakuti ngakhale zinthu zitavuta phunziro ndi phunziro.

"Tsopano mverani bwino. Guluu ameneyu ndi watsopano, wamphamvu kwambiri. Mphindi khumi ndi zisanu osatsegula maso. Mukatsegula asanaume, mpweya wake umalowa m'diso. Mayi wina sanamvere. Lero amayenda ndi ndodo."

"Memole, ndi zoona?"

"Guluu si wosewera naye, bigi."

Apo ndi pamene adhana inamveka. Makina a telala analeka. Chitseko cha wamafoni chinakhuluzika, loko n'kulira. Mapazi anadutsa, nachepa, natha. Msewu unakhala zii, monga momwe pulani inanenera.

Wadson ndi munthu wosunga nthawi. Anawongola msana, nachotsa kamawu kopyapyala kaja, nayankhula mwamphamvu atayang'ana kumene ankaganiza kuti kuli Fadila. Kunali mitu itatu yapulasitiki yovala mawigi.

"Chemwali, tamverani. Ife si amayi."

"Ooh?" anatero Fadila ali kumbuyo kwake.

Wadson anatembenuka pang'ono. "Musakuwe, musasunthe. Guluu akauma tikuberani."

"Chabwino. Koma musakwinye nkhope, angalowe."

Wadson anamasula nkhope. Anapapasa pansi kufuna chikwama, koma Fadila anali atachikankhira kale kunsi kwa tebulo ndi phazi. Dzanja lake linakwera, linayenda patebulo, linagwetsa maburashi awiri, n'kukafika pa chogwirira cha bokosi. Linatseka pomwepo.

"Ili ndaligwira kale," anatero. "Tsopano kiyi wa chitseko. Muike m'dzanja ili."

Fadila anayang'ana zala zisanu zakuda zili pa zaka zake ziwiri. Pafoni oonera anali atapitirira zikwi ziwiri, ndipo onse ankalemba malangizo osiyana. Wina anati ammenye ndi mpando. Wina anati apemphere. Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa nyumba ya mayi ake, namuika m'dzanja lotambasulalo.

"Mwaona, Memole? Ulemu. Ntchito ikakhala ndi pulani sipakhala phokoso."

"Madamu, pepanitu," anatero Zubairu ali chitsinzinire. "Ine ndimakulemekezani. Ya maburashi asanu ija ndinaionera kakhumi."

"Zikomo, che Zubairu."

"Aa, mukundidziwa?"

"Usayankhe, chitsiru iwe," anatero Wadson. "Chemwali, palibe njira yoti aume msanga?"

"Ilipo. Mphepo yotentha." Fadila analumikiza makina owumitsira tsitsi ku magetsi, nawayatsa. Analira ngati chigayo chaching'ono. "Koma mugwire nokha, muloze kumaso. Ine ndikagwira munganene kuti ndikufuna kukuwotchani."

Wadson anaganiza. Dzanja limodzi linali ndi kiyi, lina bokosi. Kiyi ndiye khomo, bokosi ndiye katundu, koma maso ndi maso. Anasiya bokosi, nalandira makina.

Fadila ananyamula bokosilo ngati mwana wogona, naliika kuseri kwa katani. Kenako, phokoso la makina likumuphimba, anapita kuchitseko n'kupotoza kiyi weniweni.

Analowa mmodzimmodzi, nsapato zili m'manja. Khadija, amayi awiri a ku ofesi ya zamalimidwe, namwino wina amene anali pa ulendo wokagula tomato, mwini saluni ya kuseri ndi kasitomala wake tsitsi lolukidwa mbali imodzi. Anaima motsamira khoma, ena anakhala pansi. Pomaliza analowa mayi wamfupi wa yunifolomu, sajeni wa polisi, amene anabwera pakabaza ndi mnzake wamwamuna. Nsidze zake zinali zolembedwa bwino kwambiri. Anakoka situlu, nakhala moyang'anizana ndi Wadson, napinda manja.

Onse ankangoonera amuna awiri atakhala mwaulemu, zibwano m'mwamba, malashi akugwedezeka ndi mphepo, akupatsirana makina mosinthana.

"Kwatentha muno," anatero Zubairu.

"Ndi makinawa."

"Kukumvekanso fungo la nsomba."

"Ndi guluu. Khala chete." Wadson anazimitsa makina. "Chemwali, zakwana mphindi zija?"

"Zakwana, bambo," anayankha sajeni.

Wadson anapendeka mutu. "Ameneyo ndani?"

Zubairu ndiye anayamba kutsegula, diso limodzi kaye, mwamantha. Kenako lachiwiri. Malashi anakupiza kawiri.

"Bigi, musatsegule."

"Bwanji? Diso lafa?"

"Iyayi, maso ali bwino. Zimene akuonazo ndiye sizili bwino."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Namwino anachita kugwira khoma. Wapolisi wamwamuna anasolola chikwama kunsi kwa tebulo, natulutsa sipanala ndi thumba, naziika pamene foni ikuziona. Pakhomo anabweretsa Innocent, ali pakati pa wansomba ndi wamandazi, ndipo atangoona anzake anayiwalanso mavuto ake.

"Koma mwatchena, bigi," anatero.

Sajeni anaimirira, naloza nyale. "Foni iyi tiitenga. Ndi umboni. Bokosi lija analigwira nalonso."

Fadila, amene sanaope sipanala, anagwira mwendo wa nyale ndi manja awiri.

"A Sajeni, mawa ndili ndi ukwati ku Liwonde. Anthu asanu ndi anayi. Zikalowa kwanuko zituluka liti?"

"Mlandu ukatha."

"Mkwatibwi adzakhala ali ndi mwana."

"Lamulo limafuna umboni, chemwali."

"Umboni tili nawo tonse," anatero Khadija, nakweza foni yake. Namwino anakweza yake. A zamalimidwe anakweza zawo. Wolukidwa mbali imodzi uja anati iye wautumiza kale kwa mchemwali wake ku Joni.

Sajeni anayang'ana mafoniwo, kenako anatulutsa yake m'thumba la yunifolomu. Layivu inali ikuyendabe, ndipo anadziona yekha ataima pakati pa chithunzi. Anakonza chipewa pang'ono.

"Lolemba m'mawa mubwere mudzapereke sitetimenti," anatero. "Foni ndi bokosi mubwere nazo, tidzazione, mudzabwerere nazo."

Fadila anasiya mwendo wa nyale. Apo m'pamene anakhala pansi, pa simenti penipeni, nakoka bokosi kuseri kwa katani n'kulikumbatira pamiyendo.

Nthawi yonseyi Wadson anali asanatsegule maso. Anthu ankaganiza kuti akuopabe guluu.

"Tsegulani, bambo," anatero Fadila. "Guluu ameneyu amauma pa mphindi imodzi. Zalembedwa pa kabotolo."

Zikope za Wadson zinayamba kugwedezeka. Koma pakhomo anthu anapatuka, ndipo panamveka mawu a munthu amene wayenda mofulumira kuchokera kutali, mawu otsika, osakalipa n'komwe.

"Bambo a Blessings."

Zikope zija zinatsekanso zolimba.

"Bambo a Blessings, chitenje chimenecho ndimaimba nacho pamaso pa Mulungu. Tsegulani maso mundione."

Wadson anaimirira pang'onopang'ono. Anatambasula manja onse awiri, ataphatikiza, kulunjika kumene anamva mawu a sajeni.

"A Sajeni, lamulo limalola munthu kukafika ku polisi ali chitsinzinire?"

"Limalola," anatero sajeni akumuveka unyolo. "Koma chitenje musiyire eni ake."

Clementina anachimasula yekha, nachikutumula, nachipinda kanayi. Mkati munali kabudula wa mpira wobooka kumbuyo.

Anatuluka nthawi imene anthu ankabwerera kuchokera ku mzikiti. Telala anaima ndi kiyi m'manja, wamafoni anavula magalasi n'kuwavalanso. Patsogolo panali Innocent akukankha njinga yake, pakati Zubairu atakweza diresi kuti asapunthwe, ndipo kumbuyo Injiniya, duku kumutu, bulauzi, kabudula, malashi ataloza kumwamba, atagwira phewa la mnzake ndi manja omangidwa.

"Memole," ankafunsa motsitsa mawu pa masitepe angapo alionse, "mayi a Blessings akutitsatirabe?"

"Ali pambali panu, bigi."

Anayenda choncho mpaka ku polisi.